Kaimito wa Kuseri kwa Khitchini

Njere yake ndinailavula ndekha
padoko la Iloilo, chaka chimene ndinatsika sitima komaliza
mawondo atakana makwerero achitsulo.
Yakuda, yoterera, yozizira m'dzanja.
Ndinaikulunga m'tikiti ya boti
n'kuiiwala m'thumba la malaya masiku anayi
mpaka Amparo anaipeza pochapa.
Anati, Crisanto, anzako amatsika ndi wailesi,
iwe watsika ndi zolavula.

Tinaifesa m'chitini cha mkaka.
Utafika m'bondo tinauwokera kuseri kwa khitchini
kumene madzi otsukira mpunga amathera.
Kenako zii.
Zaka zisanu ndi ziwiri, masamba okhaokha.
Teodorico ankasuzumira pampanda n'kumaseka:
wanjere ndi waulesi, m'bale wanga,
ukanamezanitsa bwenzi ukunyambita zala pofika pano.
Ine osayankha. Ndinkangothira manyowa a nkhuku,
n'kumazula udzu kutsinde
ngati munthu wodziwa chimene akudikira.

Koma masambawo!
Pamwamba obiriwira ngati botolo, pansi mkuwa weniweni.
Mphepo ikachokera kunyanja mtengo wonse umagadabuka,
kusintha malaya anthu akuona.

Namondwe wa Novembala ananyamula denga la khola la nkhumba,
anakhadzula nthambi ziwiri zazikulu.
Pabala panatuluka utomoni woyera, ndondondo, tsiku lonse.
Ndinasalaza pokhadzukapo ndi sowo wobwereka.
Mvula yotsatira kunabwera maluwa,
timaluwa tosaoneka, tongomveka m'mphuno madzulo.
Amparo anatinunkhiza ali pampando wake wansungwi,
bulangete m'miyendo ngakhale kunkatentha.
Zipatso sanazidikire.

Mtengo uwu ndi womana, ndikuuzeni.
Mango amadzigwetsa okha pamalata usiku, phu,
kudzutsa agalu.
Kaimito ayi. Akapsa amakakamira komweko,
amalolera kufota kumwamba kusiyana n'kukugwera m'manja.
Ndiye ndili ndi nsungwi yaitali
yomangirira kathumba ka ukonde kunsonga,
ndipo Febuluwale yense khosi langa limawawa.
Mileme imanditsogolera, imasankha okoma.
Tinagawana kale: nsonga ndi zawo.

Khungu lake usalume, n'lowawa, limamata pakamwa.
Chigwire m'manja awiri, chofiirira ngati biringanya,
uchifinye pang'onopang'ono mpaka chigonje.
Ndiye dula chopingasa. Osati chotsika, chopingasa,
apo ayi nyenyezi suiona.
Mdzukulu wanga Isko amawerenga nsonga zake ndi foloko:
dzulo zisanu ndi zitatu, lero zisanu ndi ziwiri,
akuti imodzi yapita kusukulu.
Timakumba ndi supuni. Mkaka umatsetsereka m'zigongono.
Pomaliza milomo yathu imakana kutseguka
mpaka tipake mafuta a kokonati,
ndipo Isko amayesa kutchula dzina langa ali chitsekere,
kuseka mpaka kutsamwa.

Mayi ake ali ku Hong Kong, akulera ana a eni.
Lamlungu Nenita amaimba ya kanema
atakhala pakatoni pansi pa mlatho ndi anzake.
Ndimasendeza theka la chipatso kugalasi la foni.
Amati, Bambo, sendezani kumene kuli kuwala,
kenako amakhala chete.
Kaimito sayenda ulendo, masiku atatu wavunda.
Bokosi limachokera kwa iye kubwera kuno,
sopo, nsapato, chokoleti,
lobwerera kulibe.

M'mawa uno Teodorico wafika ndi beseni,
akuti mkazi wake akufuna osakaniza ndi mkaka wa m'chitini
ndi madzi oundana.
Za ulesi sanatchule. Nanenso sindinam'kumbutse,
ndangomusankhira aang'onoang'ono.

Atapita ndakhala pampando wansungwi uja.
Chakhumi ndi chimodzi, kapena chakhumi ndi chiwiri, ndasiya kuwerenga.
Njere ndalavulira m'dzanja
n'kuiponya m'thumba la malaya mwachizolowezi.
Loweruka ndidzaipeza ndekha pochapa.