Mchombo

Lachiwiri ku Leeds, mvula ikunong'ona pagalasi chiyambire usiku.
Dzina lachitatu pandandanda wa lero: Fyness Kachingwe.
Ndaliwerenga kawiri chamumtima,
mmene munthu amanyambitira mchere wotsalira pachala,
kenako ndavala chophimba kukamwa, osanena kanthu.

Dokotala Ashworth amayamba ndi cholembera.
Amuimika pafupi ndi khoma, chovala chotsegula,
najambula pamimba pake ndi inki yabuluu
mizere yozungulirazungulira ngati mapiri a pamapu:
apa tiyamwa, apa tidula, apa tisiya.
Mwini mimba akuyang'ana kudenga.
Ana atatu anadutsa pamenepa, womaliza ndi mpeni,
ndipo khungu linakana kubwerera kumene linachokera.

Akagona, ntchito yanga ndi kuwerenga.
Tiyamba tathira madzi amchere osakaniza ndi mankhwala
mpaka mnofu utatupa, utalimba nga, nga, nga.
Ndiye kachitsulo kamphako, kowonda ngati phesi,
kalowa, katuluka, kalowa, katuluka,
phewa la dokotala likupita ndi kubwera ngati la wocheka matabwa,
ndipo paipi iyamba kusanza chikasu.
Ena amasungunula kaye mafutawo ndi phokoso limene khutu silimva,
ena amawapha ndi chisanu, osang'amba paliponse.
A Ashworth amati manja awo amakhulupirira zimene akugwira.

Malita awiri m'botolo, ndalemba.
Pamwamba payandama chikasu, pansi pakhala madzi ofiirira.
Sindifuna kuganiza, koma ndikuganiza:
mashifiti angati a usiku ali m'menemo,
tchipisi zodyera chiimire pa siteshoni,
tiyi wa shuga zitatu wothamangitsira tulo?
Chaka chatha pa Chileka azakhali ananditsina mkono,
nati, "Kwakukonda kunjako, taonani thupi!"
Ndinaseka nawo. M'galimoto ndinakoka juzi kuphimba mimba.

Tsopano mpeni, kuchokera fupa ili la m'chiuno kukafika linalo.
Koma mchombo saudula.
Amauzungulira mosamala, nausiya uli chilili
ngati chitsa pakati pa munda wolambula.
Minofu imene ana anaikankhira uku ndi uku
aisoka, ibwererane ngati abale pamaliro.
Khungu alikokera pansi, mmene timayalira nsalu pabedi,
lotsala alidula, andipatsa ine.
Ndaika pasikelo. Magalamu mazana asanu ndi atatu.
Mizere yonse ya mwana woyamba yapita nalo m'thumba lachikasu.

Kenako aboola kabowo katsopano pakhungu losalalalo,
nafufuza pansi pake ndi chala,
nautulutsa mchombo uja, wamanyazi, wotuwa pang'ono.
Womwewo. Sunasunthe.
Dziko lozungulira ndilo lasamuka.

Madzulo, m'chipinda chotsitsimukira,
atamangidwa lamba wothina amene adzagona naye milungu isanu ndi umodzi,
timapaipi tiwiri tikudontha m'mbali mwake,
watsegula maso osandiona.
Chizungu chonse chatsalira m'tulo.
"Mchombo wanga ulipo?"
Lilime lolemera, mawu a ku Ntcheu enieni.

Namwino mnzanga Bronwen wandiyang'ana.
Ndatsitsa chophimba kukamwa.
"Ulipo, achemwali. Ndauona ndi maso angawa."
Wandigwira chala, osafunsa kuti ndine yani,
osadabwa kuti Leeds wayankha m'chinenero cha amayi ake.
"Musakanene kumudzi," watero, nagonanso.

Ndikanena kwa yani?
Ndalemba kuthamanga kwa magazi, ndasaina, ndasamba m'manja.

M'basi yopita ku Harehills mawindo achita nthunzi.
Ndakhala kumbuyo, chikwama pamiyendo,
dzanja lalowa lokha pansi pa jekete
kukapeza kadzenje kanga pakati pa mafuta anga.
Chingwe chake anachikwirira amayi kuseri kwa nyumba
imene pano akuti munadutsa msewu.
Ndakanikiza pang'ono ndi chala.
Pakutentha.