Nati Yachinayi

Chifunga chinatsika m'phiri la Dedza Loweruka limenelo
ngati nachonso chalipira pachipata.
Bwalo linali lija ankayanikapo matabwa a paini,
phula lake long'aluka, lozungulira ngati dzira,
m'mphepete titasanja matayala akutha
ndi matumba a utuchi.

Magalimoto asanu ndi anayi.
Onse anafapo kale kamodzi,
ena m'ngalande za ku Linthipe, ena kuseri kwa magalaja,
ife tinawadzutsa ndi moto wowotcherera
ndi petulo wa m'zigubu.

Yathu inali nambala 14, yobiriwira,
chitseko chimodzi chofiira, chobwereka.
Milungu isanu ndinagona pansi pake
mpaka msana wanga unaloweza miyala yonse ya pagalaja.
Woyendetsa anali Esinta Nandau,
amene masiku ena onse amatsitsa lole ya kachewere
kuchokera ku Bembeke, osapsereza mabuleki.
Anavala chisoti cha mlamu wake wa kabaza
nandifunsa, "Bambo Zintambila, mwamanga zonse?"
Ndinati zonse.

Mbendera inagwa.
Phokoso linalowa m'mano, likatulukira kumapazi.
Ogulitsa chipisi anasiya mafuta akupsa,
ana anakwera pamilu ya zigwagwa,
fungo la mphira linaphimba fungo la kanyenya.
Ulendo wake wodabwitsa: uchoka pano, ufika pano,
kumanzere, kumanzere, kumanzerenso,
maulendo makumi atatu,
ndipo palibe wofunsa kuti mukupita kuti.

Esinta anapitirira wachisanu ndi chiwiri pokhota,
anapitirira mnyamata wa kubutchala
amene injini yake inkatsokomola utsi wabuluu.
Fanuel Kathumba anamutsekera njira,
zitseko zinapsompsonana, utoto unathetheka,
anthu anakuwa ngati chalowa chigoli.

Ulendo wa khumi ndi chimodzi,
zala zitauma ndi mphepo ya mu Juni,
ndinapisa dzanja m'thumba la ovolosi.
Ndinakhudza kachitsulo kozizira, ka ngodya zisanu ndi imodzi.
Sindinafunike kukatulutsa.
Zala zanga zimadziwa nati iliyonse ndi dzina lake.
Gudumu lakutsogolo, lakumanja,
lomwe limasenza galimoto yonse pokhota,
linali kuthamanga ndi nati zitatu.

Wambendera anali apo, mapazi makumi awiri okha.
Ndikanathamanga. Ndikanakuwa.
Koma ndinaganiza za ngongole ya mapisitoni,
za anzanga a m'galaja atandiyang'ana,
za liwu lija ndinayankha mosavuta,
ndipo miyendo yanga inamera mizu m'phula.

Khumi ndi zisanu ndi zinayi zotsala ndinaziwerenga ndekha.
Sindinaone amene ankatsogola.
Ndinkangoona gudumu limodzi,
likubwera, likupendeka, likupita,
likubweranso,
nati ili m'chikhatho yatentha ngati khala,
ine ndikupemphera pemphero lopanda Amen.

Anamaliza wachitatu.
Mphoto yake: chigubu cha oyilo, malita asanu,
ndi thumba la feteleza.
Anatuluka pawindo, miyendo ikugwedera, akuseka,
nati, "Chiwongolero chimanjenjemera pokhota paja,
ngati nachonso chikumva chisanu."
Ndinati ndi phula.

Anthu atamunyamula, ndinagwada pagudumu.
Mwa zitatu zija, imodzi inatembenuka ndi chala chokha.
Ndinabwezera yachinayi pamalo pake,
ndinakunga, ndinakunganso,
mpaka sipanala inalira.
Potukula mutu ndinaona nsapato zake
zitaima pambali panga, zosasuntha.

Sananene kanthu.
Ananyamula feteleza wake, nakwera njinga ya mlamu wake,
chifunga chinawameza asanafike pamsewu waukulu.

Lolemba anabwera ndi lole kudzasinthitsa matayala.
Ndinamupatsa mpando, anaukana.
Anaima kumbuyo kwanga, manja m'chiuno,
ndipo nati iliyonse ndikaimanga
ankaiwerenga mokweza,
imodzi, ziwiri, zitatu,
ngati mphunzitsi wa Sitandade Wani
amene sakufuna kumenya mwana,
akungofuna kuti asadzaiwalenso.