Mahi

Matenda ofa ziwalo anawapeza pa makina,
phazi lili pa chopondera, ulusi uli kukamwa,
pakhonde la sitolo kuseri kwa msika wa Zomba.
Anawalanda dzanja lamanja, mwendo wamanja,
ndi Chichewa chonse chimene anatola zaka makumi asanu.

Tsopano agona pafupi ndi zenera m'chipatala chachikulu.
Phiri lafunda nkhungu mpaka m'chiuno.
Akatsegula pakamwa mukutuluka Chilomwe.

Ine mwana wawo wachisamba,
mphunzitsi wa Chichewa kusekondale,
amene ndimazunguliza ndi inki yofiira
mwana akasokoneza magulu a mayina,
ndaima ngati munthu wotsika basi pamalo olakwika.

"Mahi," akutero.
Ndawakonzera pilo.
"Mahi."
Ndawafunditsa bulangete, ndaitana namwino.
Namwino ndi wa ku Dowa. Wayang'ana diripi,
wati zonse zili bwino, wapita.

Kwathu chiyankhulochi chinali cha usiku,
cha mayi ndi bambo chitseko atatseka,
cha ngongole, cha maliro a ku Jali,
cha nthabwala zimene ife tinkangomva kuseka kwake.
Tikafunsa ankati, "Zisiyeni, mudzasekedwa kusukulu."
Iwo anali atasekedwa kale, kokwanira banja lonse.
Anachipinda bwinobwino ngati suti ya kasitomala
amene sanabwerenso kudzatenga.

Sindinama, Chichewa chinatilera.
Ndi chimene ndinafunsira mbeta ya ku Rumphi,
chimene ndimanenerera mtengo wa tomato pa Songani,
chimene ndikulembera izi.
Mlatho ndi chinthu chabwino.
Koma ndani anayalapo mphasa pa mlatho
n'kunena kuti ndafika?

Dzulo kunabwera Jamshed wa m'sitolo muja,
atanyamula mabisiketi ndi lumo lawo limene anasiya pa benchi.
Anamvetsera pang'ono, n'kugwedeza mutu.
"Kwathunso," anatero m'Chichewa chake chopunduka,
"kusukulu Chiurdu, ku ofesi Chiurdu,
koma mayi anga akadwala amabuula m'Chisindhi."
Sanakhalitse. Sitolo inali yotsegula.

"Mahi."
Milomo yauma ngati chikopa cha ng'oma.
Ine ndikufufuza m'mutu, m'mabuku onse a galamala,
mulibe.

Ndiye mayi wokolopa, a Nampinga,
amene ndawadutsa masiku atatu osawapatsa moni,
aimika chokolopera pakhoma,
apukuta manja pa yunifolomu,
atenga kapu ya pulasitiki pa kabati.
"Akufuna madzi, achimwene."

Madzi.
Maola awiri bambo anga akupempha madzi
kwa mwana amene anamulipirira fizi ndi singano.

Amwa. Ena atayikira m'khosi.
A Nampinga awerama, anena kanthu,
ndipo theka la nkhope limene likadali lawo laseka.
Ayamba kucheza. Mawu akugubuduka
ngati Likangala mvula itagwa kuphiri,
ine ndili pagombe,
ndikungoona dzina langa likuyandama n'kumira.

"Akuti chiyani?"
"Akuti muli ndi chipumi cha agogo anu,
amene anawoloka kuchokera ku Mozambiki
atasenza mtondo pamutu."
"Zinazo?"
Ayang'ana pansi pamene pakuuma.
"Zinazo akuuzani okha. Si za wokolopa."

Folo koloko yakwana, atenga ndowa yawo.
Mawa sabwera, ndi tsiku lawo lopuma.

Bambo agwira dzanja langa ndi dzanja lamanzere,
lija losazolowera kugwira kanthu.
"Mwanaka," akutero, ndipo ili ndalimva,
layandikana ndi lathu ngati nyumba zogawana khoma.
Kenaka akupitiriza, mawu ambirimbiri,
mwina za munda, mwina za makina, mwina kupepesa,
mwina kumene akufuna kukagona.
Ine ndikuvomera ndi mutu ngati wophunzira wakumbuyo.

M'chikwama muli makope makumi asanu ndi limodzi osachonga.
Ndatulutsa limodzi, ndatembenuza tsamba lomaliza,
ndalemba ndi inki yofiira ija:
mahi, madzi.
Pansi pake ndasiya mizere yopanda kanthu.