Basi ya Kochi Pettiford

Zaka makumi atatu ndinawayendetsa.
Kochi Ozell Pettiford ankakhala kumbuyo kwangaku,
kope pamwendo, pensulo kukamwa,
akujambula timivi ndi timitanda
ngati munthu wogawa munda papepala.

Ku Alabama, malo odyera ankatilozera khomo lakuseri.
Iwo sankatsika n'komwe.
Ankasolola mabokosi a nsapato pansi pa mpando,
muli nkhuku yokazinga mayi Verna,
n'kugawira anyamata makumi anayi
kuyambira amene sanaponde m'bwalo tsikulo.

Koleji yoyamba inawapatsa mahelemeti ong'aluka
ndi kalasi ya masamu pamwamba pake.
Laimu wa mizere ankathira okha mbandakucha.
Yachiwiri, ku Mississippi, inawachotsa ntchito
atagonja kasanu ndi kawiri motsatizana.
Ndinawatsatira. Basi ina, thukuta lomwelo.

Kenaka zipata za mayunivesite a azungu zinatseguka.
Tinasangalala, n'kukaniranji.
Koma kunabwera amuna a masuti
kudzatola anyamata athu aliwiro,
mmodzimmodzi, ngati mapichesi pamsika.
Kochi anawalembera makalata owachitira umboni.
Usiku umenewo kope linagona lotseka.

Anyuzipepala ali nayo nambala ya masewero amene anapambana.
Ine sindinaisunge.
Ndikudziwa kuti pamaliro pawo, ng'oma za bandi zitati zii,
ndinaona dokotala wa mano, m'busa, mphunzitsi, woweruza milandu,
imvi mbuu, mawondo akulira,
akuwerama kunyamula bokosi
msana woongoka, mapazi otalikirana,
momwe mwini bokosiyo ankawakalipira kuti aziima.