Keyala Yosawerengeka

Bambo anga, a Vjekoslav, anasankha makalata
pa positi ofesi ya ku Sisak zaka makumi atatu ndi zinayi.
Panalibe dzanja lowakanika:
la dokotala, la chidakwa,
la mwana wolembera bambo ake kundende.
Ankangopendeketsa envulopu pang'ono,
kalata n'kupeza khomo lake.

Madzulo ankasankha mafumu.

Mtsinje wa Kupa ukaphwera m'chilimwe
matope ankalavula timakobidi ta Aroma,
tobiriwira ngati zitosi za bakha.
Iwo ankatinyika m'mafuta a azitona, m'mabotolo a jamu,
miyezi, tina zaka,
amayi akudandaula kuti pawindo pakununkha.
Kenako kamtengo kotokosera m'mano,
galasi lokulitsira, nyale yopinda khosi.
Imayamba kutuluka ndi mphuno, ankatero,
chibwano pambuyo,
dzina limafika mochedwa ngati mlendo wodzimva.
Kunsi kwa mapazi a msilikali, zilembo zitatu, SIS.
"Aka kanasulidwa konkuno, Dubravka,
mwina pamene pali sitolo ya nsapato paja."

Mazana anayi anawapatsa mayina,
aliyense kathumba kake, khadi lake, kulemera kwake.

Kamodzi kanakana.
Magalamu awiri osakwana, kobenthuka m'mphepete,
mutu wovala chisoti cha minga
ngati dzuwa lojambula mwana wa sukulu,
ndi zilembo zozungulira
zimene sizinapezeke m'buku lililonse la pashelefu,
ngakhale lija la Chijeremani
limene anagula ndi ndalama ya jekete.
Anatsimikiza mumtima kuti ndi mfumu yoiwalika,
wina amene asilikali anamunyamula pamapewa Lolemba
n'kumubaya mwezi usanathe,
ndipo dziko lonse latsala ndi nkhope yake imodzi yokha,
m'dilowa yathu, pambali pa mabatire akutha.
Pakhadi analemba ndi pensulo: Sindinadziwebe.
Mawuwo akayamba kufufutika ankawabwereza.

Titawaika m'manda, chisanu chisanasungunuke,
ndinakwera sitima ya ku Zagreb
kakhobidi kali m'golovesi, kukanda chikhato.
Mayi Ljerka, wa kasitolo ka m'chipinda chapansi,
sanathe nako ngakhale mphindi imodzi.

"N'kachinyengo," anatero. "Osati ka dzana ayi,
n'kamsinkhu umodzi ndi enieniwo.
Ndalama zikasowa kumalire
wosula wa kumudzi ankangotengera zimene waona.
Uyu sankadziwa kuwerenga.
Taonani: ndodo, ndodo, mphanda, ndodo.
Si dzina ili, mwanangu. Ndi mpanda."

Ndinafunsa mtengo, poti pakamwa panafuna chonena.
Anati khofi mmodzi, mwina ndi banzi.

Pobwerera ndinakhala kuwindo.
Minda yoyera, akhwangwala, mitengo ya magetsi.
Ndinayesa kukwiya, koma ndikwiyire yani?
Ndinkangomuona munthuyo, mwaye m'zikhadabo,
lilime panja, akugoba timizere
poganiza kuti ndi mmene mafumu amakongoletsera ndevu zawo,
mkazi wake akudikira pakhomo kuti akagule mchere.
Ndipo kutsidya kwa zaka chikwi ndi mazana asanu ndi awiri
munthu wodziwa kuwerenga dzanja lililonse
wawerama, magalasi pamphumi,
kumupatsa ulemu wonse woyenera Kaisara,
usiku ndi usiku,
tiyi akuzizira.

Ku positi kunali bokosi la makalata opanda kwawo.
Lamulo linkati pakapita nthawi achotsedwe.
Bambo ankachedwetsa dala,
ati mwina mawa diso lidzaona china.

Ndafika, ndayatsa nyale yopinda khosi ija.
Mphuno ilipo, yokhota.
Chibwano chilipo.
Ndodo, ndodo, mphanda, ndodo.
Khadi sindinalifufute.
Kunsi kwa pensulo yawo ndangowonjezera tsiku la lero
ndi mtengo wa tikiti ya sitima.