Buku la Mvula

Ntchito yanga ndi chitini chokhomera pamtengo
kuseri kwa sukulu ku Chankhanga.
M'mawa uliwonse belu lisanalire
ndimakhuthulira madzi a usiku m'kabotolo ka mizere,
n'kugwada kuti diso lilingane ndi madzi,
n'kulemba: mamilimita khumi ndi awiri.
Kapena: palibe.
Palibe ameneyu ndamulemba kambirimbiri,
dzanja limamudziwa ngakhale mumdima.

Kuchigayo amandiimitsa:
A Bizaliyele, tidzale?
Ine ndimangodziwa mvula ya dzulo.
Ya mawa funsani wailesi,
apo ayi kwezani maso kuphiri la Kasungu.
Likavala chipewa chakuda chopendekera ku Zambia,
bulugama n'kuleka kugwedezeka,
anulani zovala.

Lachinayi lija wailesi inati
mitambo patalipatali, kutentha masana.
Phiri silinavomereze.
Dzuwa lili paliwombo ndinaona mtambo
utakhala pansonga ngati thumba lonyowa,
kunsi kwake kobiriwira,
mtundu umene sindinauonepo kumwamba.
Anamzeze anauluka chapansipansi.
Ndinameza malovu, n'kubwerera kukasesa m'kalasi.

Itakwana fili koloko
wina anakhuthula lole ya miyala padenga.
Aphunzitsi anasiya choko pakati pa liwu,
pakamwa pakuyenda, mawu osamveka.
Mphindi makumi awiri basi.
Kenako zii.

Titatuluka, tsinde la phiri linali mbee
ngati mudzi wonse wayanika ufa tsiku limodzi.
Kuzizira kunalowa m'zikhadabo, mu Febuluwale!
Anyamata anapeza chigubu chong'ambika pakati,
anakwera chitunda cha kuseri kwa thanki
n'kutsetsereka awiriawiri, miyendo m'mwamba,
kugwera m'matope, kudzuka, kukweranso.
Lizineti wa sitandade thu
anawola matalala m'diresi kuti akaonetse amake.
Anafika kwawo ndi diresi yonyowa
ndipo anamukalipira.

Mwana wa mlongo wanga,
amene amatsuka mbale kudziko lozizira,
anatumizapo chithunzi pafoni.
Akuti kumeneko kuyera kotere ndi ndalama:
wolosera akanena kuti chisanu chigwa chambiri
mahotela a m'mapiri amadzaza,
anthu amalipira kuti atsetsereke
chimodzimodzi anyamata a pachigubu aja.
Ndinamuyankha kuti uvale juzi.

Kumusi kwa msewu
a Gelesomu anali chiimire m'munda wa fodya.
Masamba amene akanathyola Lolemba
anali ngati masikito akale.
Anatola limodzi, n'kulikweza kudzuwa,
phiri lonse linaoneka kudzera m'mabowo.
Matumba asanu ndi limodzi a feteleza wa ngongole.
Zigafa zofolera kale, zikudikira.
Ku Chinkhoma sagula mabowo.

Anandiona ndikudutsa, buku m'khwapa.
Sanakweze mawu.
Anangoti: inu a zanyengo, simunadziwe?

Ndinadziwa theka.
Ndinaona mtambo uja, n'kukhala chete
poti wailesi inali italankhula kale,
nanga wa chitini angatsutse wailesi?
Komanso ndikananena, akanatani?
Munda suanulidwa ngati zovala.
Zonsezi ndinaziganiza nditafika kunyumba.
Pamsewu paja ndinangoti pepani,
ngati ndine ndinaponya miyalayo.

Kutacha, chitini chinali chitaphwanyika mlomo.
Matalala osungunuka ndi madzi ngati ena onse:
mamilimita makumi atatu ndi imodzi.
M'bukumu muli kadanga ka ndemanga,
kopapatiza ngati chala cha mwana.
Ndinalembamo: matalala.
Tsamba la a Gelesomu silinakwanemo,
kuseka kwa pachigubu kuja ayinso.

Phiri linali litavula chipewa,
lili pheee, miyala yake ikuwala,
ngati munthu amene sanamve kalikonse.
Ndinawongola mlomo wa chitini ndi mwala,
n'kuchibwezera pamtengo.
Mayi wina wopita kumsika anaima pampanda:
nanga lero, a Bizaliyele?
Ndinayang'ana kuphiri nthawi yaitali.
Ndinati, tengani ambulera.