Mizere ya pa Chitseko

Ndaziona anatsika basi ku Park Station
ali ndi zaka zisanu ndi zitatu, msinkhu wa mwana wa zaka zisanu,
timiyendo ngati mapesi a chaka cha chilala.
Sindinalire. Ndinalowa m'sitolo.

Mkaka, mazira, zipalapasiro, buledi wopaka majarini:
ndinkabweza ngongole ya zaka zinayi
zimene ndinakhala ndikudyetsa ana a eni ku Rosebank.

Pa chitseko chathu ku Yeoville
ndinkalemba msinkhu wake ndi pensulo.
Mizere inathamangitsana.
Nsapato za Isitala pa Khirisimasi zinakana.

Usiku ankandidzutsa: Amayi, maondo.
Ndinkamuthowa, n'kumati ndiko kukula.

Kenako pachifuwa panaphukira,
ndipo Lachiwiri lina, asanakwanitse khumi,
anandionetsa diresi la kusukulu, osayankhula.

Adokotala anakweza chithunzi cha dzanja lake powala.
Thupi lodziwa njala, anatero, limachita phuma;
mafupawa akutseka makomo nthawi isanakwane.

Lero ndamuimikanso pa chitseko.
Pensulo yagwera pa mzere wa mwezi watha.
Iye wanyanyamphira, akuseka:
Amayi, lembani apa.